Zilembo zonenepa za mayi Olinda

Nkhondo itatha, anthu atabwerako ku Malawi kumene adathawira, bungwe la alimi a thonje ku Cuamba lidalandira kompyuta imodzi ya mtundu wotchedwa Unix. Aliyense ankalowa ndi dzina lake, koma onse ankakumana ndi nkhope imodzimodzi pagalasi la kompyutayo: zenera loyera lolembamo malamulo, la zilembo zakuda zonenepa ngati nyemba. Adazikonza motero ndi mmisiri wina amene adachoka kalekale.

Yusufu, amene ankasamalira makinawo, zilembozo zinkamunyansa. Anali munthu wa mtima wabwino, kungoti manja ake anali oyabwa. Ntchitoyo adam'pezera ndi mayi Olinda, mlembi wa bungwelo, amene adamulera kumsasa wa othawa nkhondo makolo ake atamwalira.

Tsiku lina adatsegula fayilo yolamula zimene makina azionetsa munthu akangolowa. Akadasintha ya dzina lake yokha bwenzi palibe mlandu, koma iye adagwira ya onse. Kumbuyo adaika chithunzi cha mapiri, pamwamba pake timazenera tinayi takuda, tizilembo tobiriwira towonda ngati nyerere.

"Eyaa, tsopano tafanana ndi a kumzinda wa Nampula!" adatero a Alberto, mkulu wa bungwelo. Yusufu adayenda mapewa m'mwamba sabata yonse.

Mayi Olinda okha ndiwo sadayamikire. Adayamba kugunditsa mphuno pagalasi, kenako kulakwitsa. Thonje la mlimi uyu linkapita pa dzina la uja, alimi n'kumabwera kudzalalata pakhomo. A Alberto adapirira mpaka adalephera.

"Mayi, mwagwira ntchito mokwanira. Kapumuleni," adatero.

Iwo sadatsutse. Adamanga katundu n'kupita kwa mlongo wawo ku Itepela, ndipo mpando wawo udapatsidwa wina.

Patapita mwezi Yusufu adakawaona, atanyamula shuga ndi sopo. Adawapeza pakhonde akusankha nyemba ndi zala, osayang'ana m'lichero.

"Amayi, kodi chidachitika n'chiyani? Inu simunkalakwitsa."

"Maso, mwanangu. Adayamba kuchita chifunga tili kumsasa konkuja. Ndidauza mmisiri uja yekha, iye n'kundikulitsira zilembo. Adakulitsira onse dala, kuti wina asadziwe kuti vuto ndi langa."

Shuga uja adamulemera Yusufu m'manja.

"Nanga osandiuza bwanji? Inali ntchito ya kanthawi kochepa!"

"Ndikanene pamaso pa a shefe, abwana athu, kuti sindiona? Mlembi wosaona amamufuna ndani?" Adaseka pang'ono. "Komanso iwe unali utakondwa. Chiyambire kumsasa sindidakuonepo utakondwa chotero."

Mawu amenewo adamupweteka kuposa mbama. Atabwerera ku Cuamba adachotsa mapiri ake ndi nyerere zake, nabwezera zenera loyera lija. Adawafotokozera a Alberto zonse, kuchonderera kuti mayiwo abwerere. A Alberto adamva chisoni ndithu, koma mlembi watsopanoyo nayenso anali ndi ana odyetsa.

Yusufu sitingamunene kuti anali woipa. Adangoona chinthu chosakongola, osaima n'kufunsa kuti adachiika motero chifukwa cha yani. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akalemba dzina lake, zilembo zonenepa zija zinkamulonjera, mwini wake ali ku Itepela akusankha nyemba. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.