Gologolo ndi Chipolopolo Chaulesi

Chaka chimenecho njala idalowa m'tchire osaodira. Masuku adakana, matowo adauma, ndipo mtengo wokhawo umene udabereka m'dera lonselo udali wa mango, kuseri kwa nyumba ya a Sandalamu. Mu mphako ya mtengowo munkakhala Gologolo ndi mkazi wake, amene pa nthawiyo adali woyembekezera. Zosamuka sizikadatheka.

A Sandalamu adali ndi mfuti ya mpweya yodya zipolopolo zonenepa ngati khobwe. Gologolo adaiphunzira mfutiyi monga mmene mkamwini amaphunzirira apongozi ake: ali patali, mwaulemu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Adapeza kuti chipolopolo chonenepa n'chaulesi. Akachiwombera ali pakhonde chinkanyamuka ndi mphamvu, koma m'njira chinkatopa n'kuwerama, n'kukagunda m'munsi mwa chimene achilozera. Akasendera kufika pa khola la nkhuku, chinkafika chisanatope, n'kugunda pomwepo. A Sandalamu eni ake izi sankazidziwa. Ankangoti pali wina adawalodzera mfuti.

Kenaka kudabwera Pusi, chimphongo chimene anzake adachipitikitsa chifukwa cha umbombo. Chidakwera mumtengo osapereka moni, n'kuyamba kuluma bango lililonse kamodzi n'kutaya. Chitakhuta chidasuzumira mu mphako.

"Kachipinda aka n'kabwino kosungiramo mango anga. Muyambe kulongedza."

Mkazi wa Gologolo adayamba kulira. Gologolo naye mtima udamuwawa zedi, koma adawomba m'manja.

"Palibe vuto, akuluakulu. Koma mlendo wolemekezeka sathyola yekha. Khalani pa nthambi yonenepa iyi, ndiyo mpando wa akulu. Ine ndikwere pamwamba panu ndizikuponyerani okupsa."

Pusi adakhala, miyendo lendelende. Gologolo adakwera nthambi ya pamwamba pake ndendende, n'kuyamba kugwedeza mchira moyang'ana kukhonde. A Sandalamu adauona. Adatenga mfuti, adatsinzina diso limodzi, adaloza Gologolo. Phwa! Chipolopolo chidanyamuka, chidatopa, chidawerama, n'kukapumira pa thako la Pusi.

"Mayo! N'chiyani chimenechi?"

"Ndi mavu a kuno," adatero Gologolo, nkhope ili phee. "Amakonda alendo."

"Mavu olira chonchija?"

"Amayamba atsokomola."

M'mawa mwake zidachitikanso chimodzimodzi, kungoti lidali thako linalo. Pusi adakhala chotsamira, akulingalira, ntchito imene sadaizolowere.

"Iwe, bwanji mavuwa sakuluma iweyo?"

"Ndilibe mnofu, akuluakulu. Angalume pati?"

"Bodza. Mavuwa ali pa nthambi ino. Lero ndikwera pamwamba ndine, iwe ukhale pampando wa akuluwo. Ukasuntha ndikuthyola khosi."

Apa Gologolo adachita mantha enieni. A Sandalamu akaloza Pusi ali pakhonde, chipolopolo chikawerama chipeza yani? Ndipo chimene kwa Pusi chidali chotupa, kwa Gologolo chikadakhala maliro.

"Ulemu waukulu umenewu," adatero. "Ndiloleni ndikataye madzi kaye, ndingaipitse mpando."

Adatsika, adathamanga m'maudzu mpaka pa khola la nkhuku, n'kukoka mchira wa thadzi limene linkafungatira mazira. Khola lonse lidabuka. A Sandalamu adatuluka ndi mfuti, poyesa kuti kwalowa nyenga. Pamene ankafika pakholapo, Gologolo adali atabwerera kale pampando wake, manja ali pachifuwa ngati wa mu tchalitchi.

Nyenga sadaipeze. Koma atakweza maso adaona Pusi ali pamwamba, pafupi, poyera. Phwa! Ulendo udali waufupi, chipolopolo sichidapeze mpata wotopa. Chidafikira pa phewa.

Pusi adagwa chagada, monga adagwera makolo ake m'mwambi uja.

"Pansi akundipeza, pamwamba akundipeza!"

"Akuzolowerani," adatero Gologolo. "Mawa abwera ndi abale awo."

Pusi sadadikire abalewo. Adalowera kuphiri akutsimphina, osatsanzika, monga momwe adabwerera.

Nkhani ikadathera pamenepa bwenzi zili bwino. Koma nzeru zikachuluka zimayabwa. Gologolo adayamba chizolowezi: a Sandalamu akangokhala pakhonde, iye ankakwera poonekera n'kumavina, chipolopolo n'kumadutsa m'munsi mwake. Ana atabadwa, ankawatulutsa pakhomo pa mphako kuti aone bambo awo akugwira ntchito.

Tsiku lina kudafika alamu awo a Sandalamu, a Wisikesi, atanyamula mfuti yawoyawo. Paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Adayesera kuwombera chitini chimene adachikhazika pa chitsa. Mkazi wa Gologolo adatchera khutu.

"Bambo a ana, kulira kwa iyi n'kwina. N'kowonda."

"Mfuti ndi mfuti, mayi. Zonse zimatopa."

"Ndaona tizipolopolo take. Tating'ono ngati mphodza. Kanthu kopepuka kamathamanga, kadzafika kuno kasanawerame."

"Kodi amene adachotsa Pusi muno ndani? Inu kapena ine?"

Mkaziyo adangolowetsa ana m'kati.

Gologolo adakwera pamalo pake, adayang'ana kukhonde, adayeza mtunda ndi maso, n'kuona kuti ndi womwe uja wa masiku onse. Adaimika mchira. A Wisikesi adatsinzina diso.

Tswi!

Kachipolopolo kameneko kadalibe ulesi. Kadabwera molunjika ngati mwana wotumidwa, kadaboola khutu la Gologolo n'kupitirira ulendo wake. Mwayi wake udali woti pa nthawiyo adali atapendeka mutu pofuna kuyamba sitepe yatsopano. Adagubuduka nthambi ndi nthambi mpaka mu mphako, n'kugwera pakati pa ana ake.

Mtengo udakhalabe wawo, mango adawadya mpaka kutha, koma kuvina kudathera pomwepo. Bala litapola padatsala kabowo koti dzuwa linkadutsapo. Ana atayamba kuyankhula, wamkulu adalowetsa chala pabowopo.

"Ababa, chidakuchitani n'chiyani apa?"

Gologolo adatsokomola, adayang'ana kudenga, adakanda m'mutu. Mkazi wake, amene ankasenda bango pakona, sadatukule n'komwe maso.

"Ndi mavu a kuno, mwanawe," adatero mayiyo. "Alendo atatha, adayamba eni nyumba."