Duwa Lovala Tsumba la Chinanazi

Ana inu, tasiyani kulikoka tsumba duwalo! Khalani apa ndikuuzeni kumene linalitenga.

Kale duwa limeneli linali ladazi. Linkamera kuphiri pakati pa miyala, kuchokera ku chinthu chonga anyezi, ndipo pamutu pake panalibe ngakhale katsamba kamodzi.

Masiku amenewo kunali mkamwini wina dzina lake Thombozi. Pakamwa anali katswiri, koma khasu ankaliona ngati njoka. Tsiku lina ali pamowa anadziguguda pachifuwa. "Ine chinanazi ndimadzala ndi mvula yoyamba, mvula isanathe anthu n'kumadya!"

Aa! Chinanazi chotenga zaka ziwiri chija? Mawuwo anafika kwa apongozi ake, a Nasiwawa, iye asanapukute n'pakamwa pomwe. Posakhalitsa mkazi wake Nachanza anatulukira, maso ali psuu.

"Bambo, amayi akuti mvula ikatha chinanazi chanucho asanachione, munyamule mphasa yanu muzipita kwanu."

Mtima wa Thombozi unangoti myuu, pakuti Nachanza ankamukonda zedi. Mvula itagwa anadzala tsumba la chinanazi, koma tsumbalo linangokhala duu. Mwezi utatha analizula mokwiya n'kuthamangira nalo kuphiri, uku akulira ngati mwana.

"Kodi mwamuna wamkuluwe ukulira chiyani?" linafunsa duwa ladazi lija.

Thombozi analiyang'ana, n'kuyang'ana tsumba m'manja mwake, kenaka analumpha. "Iwe! Thupi lakoli ndi chinanazi chenicheni, chasowa ndi tsumba basi. Ndipulumutse, banja langa likutha!"

"Ndiveke, nanenso dazili landitopetsa," linatero duwa. "Koma undidzale padzuwa, padothi losasunga madzi. Chilimwe ndimagona, usadzandithirire, ndingawole."

Thombozi analikumba bwinobwino, analidzala pakati pa munda wa apongozi, n'kuliveka tsumba lija. Tsumba linangoti kwati, ngati linabadwira pomwepo!

Tsono inu mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi ake sayandikizana. A Nasiwawa anaima kumalire a munda, dzanja lili pachipumi, n'kumasuzumira. "Ha! Kodi si chinanazi chimenecho?"

Apo Thombozi anazindikira kuti iye akakhala m'mundamo, apongozi sangasendere. Ndiye tambala akangolira, uyo kumunda! Koma munthu sangangoima ngati chitsa tsiku lonse, anthu angadabwe. Anatola khasu. Anapalira chimanga, anabandira, anazula kaufiti yense, mpaka manja anachita matuza. Chimanga chinabiriwira moti odutsa ankaima n'kumagwira pakamwa.

Mvula ili pafupi kutha, tsiku lina m'mimba munamusokosa, ndipo anathamangira kuthengo. Pobwera, mayo ine! A Nasiwawa ali chiweramire paduwa paja, Nachanza ali pambali. Timaluwa ting'onoting'ono tinali mbee thupi lonse, ntchentche zili ng'waa, chipatso ayi ndithu. Thombozi anadziponya kuseri kwa chulu, thukuta lili kamukamu. "Basi, kwanga kwatha," anatero mumtima.

A Nasiwawa anaweramuka pang'onopang'ono. Anayang'ana duwa, anayang'ana chimanga mzere ndi mzere, anayang'ananso mwana wawo. Kenaka anafulatira n'kukweza mawu.

"Chulu iwe, ukamuuze mkamwini wanga kuti chinanazi chake ndachiona, koma sichinapse. Ndidzadya chikadzapsa. Tsiku limenelo lisanafike, asayerekeze kuchoka pamudzi pano."

Nachanza anaimba nthungululu yomveka mpaka tsidya la mtsinje. Thombozi kuseri kwa chulu kuja anavina chogona, fumbi lili koboo!

Koma duwa nalo linamva zoti likadzapsa lidzadyedwa. "Ine kudyedwa? Ndiye sindidzapsa!" linalumbira. Mvula itangotha linafota msangamsanga n'kukabisala pansi, osatulukanso mpaka mvula ina.

Ndi chifukwa chake lero duwa limeneli limavala tsumba la chinanazi koma silibereka chinanazi, ndipo chilimwe limalowa pansi. Mukaona pamalo pake pali mbee, musati lafa, ndiponso musalithirire. Nanga Thombozi? Anakalambira pamudzi pomwepo, mano onse anagweluka, zidzukulu zili piringupiringu pakhomo, chinanazi chake chisanapse.