Fisi Kalaliki ndi Fayilo ya Mayi Chiswe

Kalekale, koma osati kale kwenikweni poti mafoni anali atafika, Fisi anali kalaliki pa ofesi ya malo ya nyama zonse. Chimimba ngati mgolo! Pepala likafika patebulo pake linkagona pompo, kudikira mwendo wa mbuzi.

Tsono boma la nyama lidalengeza kuti aliyense alembetse malo ake ndi ntchito yake pafoni. Wosalembetsa pofika Lachisanu alandidwa. Mayi Chiswe, mwini chulu cha ana miyandamiyanda, adadinadina foni. Foni idati, "Zatheka."

Koma Chiswe atafika ku ofesi, Fisi adati, "Zatheka n'zakufoniko, mayi. Kuno tisindikiza papepala, pepala lilowe m'fayilo, fayilo idikire chidindo changa. Popanda chidindo chulu chipita."

"Idikira mpaka liti, bwana?"

"Yanu ili pansi. Imakwera ikamva fungo la nyama. Bwerani mawa."

Mawa lake, "Netiweki yathawa." Mkuja, "Wosaina ali kumaliro." Chiswe mtima udamuwawa. Nyama akaitenga kuti, iye wodya mitengo? Nanga anawo akakhala kuti?

Lachinayi adafunsa mwaulemu, "Kodi inu bwana munalembetsa pafoni?"

"Ine? Hehede! Zidole za ana zimenezo. Kalata yanga ya ntchito ili m'kabatimu. Chimene sichili papepala kulibe!"

"Zikomo bwana, ndamva."

Nkhomaliro ya Fisi inkayamba teni koloko n'kutha fili koloko. Atangotuluka, Chiswe adaitana mtundu wake wonse. Kekete kekete, mafayilo. Kekete kekete, kalata ya Fisi. Ndi chidindo chomwe, poti chigwiriro chinali cha mtengo.

Lachisanu kudabwera Njati, woyendera maofesi. Fisi kuti atsegule kabati, dothi lokhalokha, waa!

Njati adayatsa kompyuta. "Mayi Chiswe alimo, chulu n'chawo. Nanga inu ndinu yani?"

"Ndine Fisi, kalaliki! Zaka makumi awiri pampando uno!"

"Muno mulibe. Pepala lanu lili kuti?"

Chiswe, uku akutokosa m'mano, adati, "Chimene sichili papepala kulibe, bwana. Munanena nokha."

Fisi adagwada, misozi chuu. "Ndilembeni lero lomwe, chonde!"

Njati adayang'ana kompyuta, n'kupukusa mutu. "Netiweki yathawa. Bwerani mawa."

Mpaka lero Fisi amangozungulira kuseri kwa nyumba, kuseka yekhayekha, kudikira mawa.

Yathera pompa, kaphuleni mbatata zisanapserere. Koma ana inu, ndi inu akuluakulu mukutsokomola kumbuyoko: musanakhalire pepala la mnzanu, yambani mwafunsa chimene amadya.