Loko wa Pachitseko cha Bambo

Mwana wamkulu wa m'nyumbamo anali wokonza mafoni, mkazi wa nzeru zothamanga. Foni ikafa, ankadziwa podwala pake asanaitsegule n'komwe. Choncho bambo ake okalamba atayamba kuiwalaiwala n'kumatuluka masana osatsanzika, iye sanataye nthawi. Anagula loko.

"Vuto ndi chitseko," anauza mwamuna wake. "Chikatsekedwa, nkhani yatha."

"Nanga mwawafunsa kumene amapita?"

"Munthu woiwala dzina langa angadziwe kumene akupita?"

Nkhani sinathe ayi. Masana alionse bambowo ankaima pachitseko, ambulera kukhwapa, n'kumagwedeza loko mpaka zala kutupa. Kenaka anasiya kudya. Ankangokhala pampando, maso kuchitseko, thupi likutha ngati sopo. Dokotala anati akapitiriza chonchi, sachedwa kutisiya. Mkaziyo anagwidwa ndi mantha, poona kuti nzeru zake zomwe zija zikupha bambo ake.

Tsiku lina sanapite kuntchito. Anakhala phee pakona, manja ali pamiyendo, kungoyang'ana. M'mawa wonse bambowo anali duu. Koma belu la sukulu ya kutsidya kwa msewu litangolira, anadzambatuka n'kutenga ambulera. Sanatenge yawo yaikulu, anatenga kakang'ono kofiira ka mdzukulu wawo. Kunja kunalibe ndi kamtambo komwe.

Belu la sukulu, kaambulera ka mwana. Mkaziyo anaziika pamodzi ziwirizi. Anatsegula loko, nawatsatira chapatali.

Bambowo anayenda osasochera mpaka pageti la sukulu, n'kumasuzumira nkhope za ana otuluka, mmodzimmodzi. Ana anatha. Bambowo anaimabe pomwepo, akusuzumira m'kati.

Mkaziyo anazungulira kumbuyo kwa sukuluyo, natulukira m'kati mwa geti.

"Bambo, ndaweruka."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka nkhope yawo inamasuka.

"Iwe mwana, kuchedwa bwanji! Masiku onsewa ananditsekera, ine mtima uli m'mwamba, ndimati ukudikira wekhawekha." Anamutambasulira kaambulera kaja kuti dzuwa lisamuotche. "Wadya koma?"

"Ayi, ndimadikira inu," anayankha misozi ili mbwembwembwe.

"Tiye tikadye."

Tsiku limenelo bambowo anamaliza mbale yonse. Loko uja anaponyedwa m'kabati, ndipo belu likalira, wokonza mafoni amasiya chilichonse chili m'manja n'kukaima kuseri kwa geti kuti bambo ake amupeze. Yankho analinalo msanga, chimene chinachedwa kumufikira ndi funso. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.