Sizoni Imodzi ya Anthu Atatu

Kalekale, komatu osati kale la makolo, panali makoleji awiri amene sankamwerana madzi. Imodzi inali pamwamba pa phiri, inayo kumunsi kudambo, ndiye anthu ankangoti a Kuphiri ndi a Kudambo. Chidani chawo chinali pa basiketibolo ya atsikana, mpira uja amasewera asanu uku asanu uko pabwalo la simenti, kulimbirana kuuponya mu mkombero wachitsulo.

A Kudambo anali ndi mtsikana wina dzina lake Esinati, koma dzinalo ankalitchula ndi makolo ake okha. Ena onse ankamuti Nachigayo, chifukwa womuyandikira ankatuluka m'bwalo ataperedwa. Mpira ankautha, sindikana. Koma ankadziwanso nthawi imene woyimbira wayang'ana kumbali, ndipo chigongono chake chinkafika nthawi yomweyo. Ine munthu wotere sindimukonda, ndipo sindibisa.

Tsono mumvetse lamulo la ligi ya makoleji, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Maphunziro anali a zaka zisanu, koma wosewera ankaloledwa masizoni anayi basi. Wovulala ankatha kubwezeredwa sizoni imodzi, koma pokhapokha zinthu zitatu zitakwanira ngati mafuwa: avulalire m'bwalo pamasewero, avulale sizoni isanafike pakati, ndipo asadzapondenso m'bwalo mpaka sizoniyo itatha. Fuwa limodzi likasowa, mphika sunkakhala.

Ku timu ya Kuphiri kunali atsikana atatu amene anali mu sizoni yawo yachinayi, yomaliza: Mwatitha, Sigele ndi Ndaziona. Nachigayo anali m'yachitatu.

Pa masewero otsegulira sizoni, matimu awiriwa anakumana kudambo. Mwatitha, mtsikana wamtali wolanda mipira yobwerera kumkombero, anadumpha kuti awakhe mpira. Potera, bondo la Nachigayo linali litamudikira kumbuyo kwa mwendo. Bondo la Mwatitha linamveka kuti thyo, iye n'kugwa chagada. Woyimbira sanaone kanthu. Nachigayo anawerama ngati akumupepesa, n'kumunong'oneza kuti, "Uziyenda bwino, mwana wa kuphiri. Simenti ya kuno ndi yoterera."

Sigele anali pafupi. Anaona bondolo, anamvanso mawuwo. Iyeyu anali wamfupi, wotchinga kumbuyo, ndipo ankagona chipinda chimodzi ndi Mwatitha. Anzake anamulangiza kuti azisiye, chifukwa khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ena mwa akuluakulu a ligi anaphunzira ku Kudambo komweko. Iye anayankha kuti, "Ndiye ndiziti chiyani kwa mnzanga akamabuula pabedi? Ndiziti sindinaone?" Anapita yekha kukaima pamaso pa akuluakuluwo, n'kufotokoza zonse mosatafuna lilime, mpaka Nachigayo anamuletsa kusewera kufikira pakati pa sizoni. Pobwerera, Sigele anakwera kabaza. Pa mlatho wa kumunsi kwa dambo, anyamata ochemerera timu ya Kudambo anakunga chingwe pamsewu. Njinga inagudubuzika, Sigele n'kukagwera m'ngalande, phewa n'kuthyoka. Sizoni n'kuti isanapite patali, ndipo sanagwirenso mpira chaka chimenecho.

Anatsala Ndaziona, kaputeni, mwini zigoli. Timu anaisenza yekha, ndipo inkapambana ndithu. Masewero achibwereza ndi a Kudambo anayenera kuchitika sizoni isanafike pakati, Nachigayo akadali pachilango. Tsikulo litayandikira, a Kudambo anatumiza uthenga woti basi yawo yafa, choncho masewerowo asunthidwe. Mwana aliyense anadziwa kuti ndi bodza. Kochi wa Kuphiri, a Chimphamba, anati akane, atenge mapointi aulere. Koma Ndaziona anati, "Ayi, akochi. Mapointi opatsidwa sapoletsa mtima. Musiyeni Nachigayo abwere. Ndikufuna akhalepo, aone ndi maso ake."

Masewero anasunthidwadi, n'kugwera sabata yoyamba sizoni itadutsa pakati. Nachigayo anabwera. Tsiku limenelo Ndaziona anasewera ngati wagwidwa mizimu: akaponya, walowa, akaponyanso, walowa. A Kudambo anayamba kulozana zala okhaokha. Chakumapeto, Ndaziona ali m'malere, Nachigayo anasendeza phazi pamalo oti aterepo. Kakolo anathyoka. Woyimbira anati ndi ngozi. Ndaziona anatuluka atanyamulidwa, a Kudambo n'kupezerapo mwayi wopambana, ndipo Nachigayo anavina pabwalo la eni ake.

Tsoka likakupeza limaitana anzake. Cha kumapeto kwa sizoni, malungo anagwetsa atsikana ena, ndipo tsiku lina timu ya Kuphiri inapezeka ili ndi osewera anayi okha. Lamulo linkati timu yolephera kuimika asanu poyamba masewero ichotsedwe mu ligi. Mwatitha, bondo lili m'mabandeji, anapempha jezi. A Chimphamba anati, "Mwana wanga, ukudziwa chimene ukutaya? Mwa nonse, ndiwe wekha amene lamulo likukukomera. Ukangoponda simentiyo, sizoni yako yapita." Mwatitha anati, "Ndikudziwa, akochi. Koma timu ikafa, ndidzabwerera kuti?" Analowa motsimphina, n'kuima chilili mpaka wezulo italira, kenako anatuluka. Mpira sanaukhudze n'komwe, koma timu inapulumuka.

Sizoni itatha, atatuwa anakagwada kwa akuluakulu a ligi kupempha kuti awabwezere chaka. Onse anali ndi chaka chimodzi cha maphunziro chotsala, onse madokotala anati adzachira, ndipo Nachigayo anali ndi sizoni imodzi yokha asanapite kwawo. Aliyense ankadziwa kuti akaphonya chaka chimenecho, sadzamupezanso m'bwalo mpaka kalekale.

Wapampando, bambo wa mimba yake amene sanathamangepo kuyambira tsiku la ukwati wake, anatsokomola n'kunena kuti, "Ana inu, palibe mwa inu amene wakwaniritsa lamulo. Iwe Mwatitha unapondanso m'bwalo. Iwe Sigele unavulalira pamsewu. Iwe Ndaziona unavulala sizoni itadutsa pakati. Komabe ife si nyama. Tikupatsani sizoni imodzi. Mukasankhane nokha kwanuko, mudzatiuze dzina."

Za Nachigayo sananenepo kanthu. Chifundo chotere chimandinyansa ine: kuponya fupa limodzi pakati pa anthu atatu anjala, iwe n'kumapita kukadya.

Atabwerera kuphiri, anakhala pa benchi ya m'mbali mwa bwalo, a Chimphamba ali pakati. Anayamba ndi Mwatitha.

"Sizoniyi inali yanga kale. Ndinaigwira m'manja, n'kuitaya kuti pakhale timu yoti wina abwerereko. Popanda ine, lero bwenzi tikukanganirana chiyani? Ndipo sindikunamizani, akochi, ine sindikufuna chikho. Bondo limalipidwa ndi bondo. Ndikadzamupeza Nachigayo pansi pa mkombero, adzamva chimene ndinamva, ndipo nanenso ndidzamunong'oneza za simenti."

Sigele anaseka, koma kuseka kopanda chimwemwe. "Mwatitha, mnzanga, phewa ili linathyokera iwe. Nonse munali ndi maso tsiku lija, koma pakamwa ndinatsegula ndine ndekha. Inu munavulala mukusewera, anthu akukuomberani m'manja. Ine ndinagona m'matope, wondiona ndi wakabaza yekha. Ndiye lero mundiuze kuti chilonda changa n'chochepa chifukwa sichinachitikire pasimenti? Ndipatseni Nachigayo. Sindimuthyola ayi. Ndidzamumatirira ngati nkhupakupa, osagoletsa ngakhale kamodzi, mpaka apse mtima andimenye woyimbira akuona. Adzamuchotsa mu ligi ngati galu, ndipo dzina lake lidzanunkha mpaka kumudzi kwawo."

Ndaziona anasisita chikhakha cha kumwendo. Kenako anati, "Ine ndinalakwa, ndikuvomera. Ndikanamvera akochi, bwenzi kakolo wanga ali bwino. Koma ndinamuitana chifukwa cha inu awiri, ndinkafuna alipire pamaso pa anthu. Masewero aja anali a m'chigawo choyamba. Anawakankhira kutsogolo ndi bodza lawo la basi, osati ine. Tsono tiyeni tinene zoona. Iwe Mwatitha ukamuthyola, adzagona m'chipatala anthu akumumvera chisoni. Iwe Sigele ukamuchotsetsa, adzati munandiopa. Chimene mtsikana uja amachikonda ndi chikho. Mwa ife atatu, ndani angakachitenge pabwalo lawo lomwe, iye ali bwinobwino, ataima ndi miyendo yake iwiri, akulira? Mukudziwa kuti ndi ine."

"Ndiye kuti ife tinavulala kuti iwe ukatchuke?" anafunsa Mwatitha.

"Munavulala chifukwa cha Nachigayo, ngati ine ndemwe," anayankha Ndaziona.

A Chimphamba anagwira njakata. Anayesa zoti achite mayere, onse atatu anakana, amvekere mlandu wa magazi sathetsa ndi timitengo. Anayesa kufunsa timu yonse, timu inagawikana patatu, ena mpaka kusiya kudyera limodzi. Mwatitha ndi Sigele, amene kale ankabwerekana ngakhale mafuta odzola, anayamba kugona atafulatirana. Chinandiwawa kwambiri n'chimenechi: mkwiyo umene unayenera kutsikira kudambo unayamba kudya eni ake.

Nkhani siigona. Inatsetsereka phiri mpaka inakafika m'makutu a Nachigayo. Tsiku loti dzina likaperekedwe litafika, atatuwa adakali pa benchi pomwe paja osagwirizana, panatulukira bambo wina wakabaza atamangirira katundu wautali pakaliyala. Anatsika, n'kuvula chipewa, akuoneka wamanyazi.

"Pepani, ine ndangotumidwa ndi Nachigayo," anatero. "Ati ndipereke kwa amene mwamusankha."

Anamasula chiguduli. Munali ndodo ziwiri zoyendera munthu wothyoka mwendo, zatsopano, zopala bwino.

"Anenanso kuti chiyani?" anafunsa Sigele.

Bamboyo anayang'ana pansi. "Ati musavutike posankha. Ati ndodozi n'zosintha msinkhu, zimukwana aliyense."

Mwatitha anagwira ndodo imodzi, Sigele inayo, Ndaziona n'kugwira zonse ziwiri pakati, aliyense akukokera kwake, maso ali psuu. A Chimphamba anayang'ana dzuwa, linali litapendeka, ndipo akuluakulu a ligi anali akudikira dzina limodzi.

Ine ndafika pamenepa, ndipo mlanduwu sindiugamula. Ndausiya m'manja mwanu, inu amene mwamva zonse. Jezi ndi imodzi, chaka ndi chimodzi, Nachigayo akudikira kudambo. Kodi aivale ndi Mwatitha, amene anataya ufulu wake kuti timu isafe? Kapena Sigele, amene anathyoka chifukwa cholankhula onse atatseka pakamwa? Kapena Ndaziona, amene anadziitanira tsoka yekha, koma ndiye angathe kumuliza? Nanga mukamuveka mmodziyo, awiri otsalawo mukawauza kuti chiyani?