Chisa Chimene a Khombe Anagwetsa

Tsiku lina tikuswa mtedza pakhonde, mwana wanga wamkazi anandifunsa kuti, "Amayi, chovuta n'chiti, kukula kapena kukalamba?" Ndinamuyankha ndi nthano iyi. Sunthirani kuno, tikhale tonse.

Panangokhala, kale mitengo isanathe m'madambo, mtengo wina waukulu wa mthethe. Mumtengomo munkakhala atchete, mbalame zija zoluka zisa zolendewera. Atchetewo anali ndi lamulo lawo. Mvula ikagwa, wamwamuna aliyense ankaluka chisa chake ndi mlomo wake. Akamaliza, akazi ankabwera kudzachiyesa, kukoka apa, kukoka apo. Cholimba chinkatsala, chofooka chinkagwa. Ndipo amene mvumbi wamupeza alibe chisa ankachoka mumtengomo, kukakhala yekha kubango, kumene kabawi sachedwa kukuona.

Mumtengomo munali tchete wina dzina lake Kalikokha. Chaka chimenecho kanali koyamba kuti aluke. Analuka chisa, namwali wina wa maso akuthwa, Nachisale, anangokoka kamodzi, chisa phu! pansi. Analuka chachiwiri, phu! Chachitatu, phu! Mtengo wonse unayamba kuimba:

"Chagwa, chagwa, chagwanso!
Nyerere zapeza nyumba,
mwini wake alibe!"

Kalikokha anakhala panthambi mutu uli zyoli. Mtima unkamuuza kuti, "Ingopita kubango lero lomwe, udikiriranji mvumbi?"

Panthambi yoyandikana nayo pankakhala a Khombe, tchete wachikulire wosalankhulalankhula. Iwo sanaimbe nawo. Anasendera pafupi.

"Iwe mphwanga, ukuyang'ana chiyani pansipo?"

"Zisa zanga, madala. Zitatu."

"Zagwazo zisiye, zili ndi eni ake tsopano. Tayang'ana kumwambaku. Chatsala panthambipa n'chiyani?"

Kalikokha anakweza maso. Panthambipo panali nkhata zitatu, zija tchete amayamba kumanga asanaluke chisa chenicheni. Zonse zinali zili gwa.

"Nachisale wakoka, mphepo yaomba, nkhatazi zili pompo," anatero a Khombe. "Anamanga ndani?"

"Ine."

"Sindinamve, makutu angawa ndi akale."

"Ine, madala!"

"Basitu. Mlomo umene wamanga izi umaidziwa ntchito. Kungoti ukamaliza nkhata umayamba kumvetsera oimba, ndiye umathamanga. Luka chisa chonse ngati ukumanga nkhata."

A Khombe sanakhudze kaudzu ngakhale kamodzi. Anangokhala pomwepo masiku anayi, kumakonza nthenga zawo, ngati alibe chochita. Kalikokha akacheuka, ankawapeza alipo, n'kupitiriza kuluka. Chisa chachinayi chitatha, Nachisale anabwera. Anakoka apa, anakoka apo, analendewera nacho, osagwa. Analowa m'kati, n'kutulutsa mutu.

"Nanga munachedwa nacho bwanji?"

Mvula zinabwera, mvula zinapita. Kalikokha anakula, nthenga zinachita chikasu chowala, dzina linamveka mpaka kumitengo ya kutsidya. Anzake akaluka chisa chimodzi, iye zitatu. Ankasankha nsonga ya nthambi, pamene aliyense angaone. Kutamandidwa kunamukomera ngati mapira osakhwima, moti tsiku likatha osamva dzina lake, chakudya sichinkatsika. Akamadutsa pa a Khombe ankangoti, "Mwadzuka, madala?" n'kuuluka yankho lisanabwere.

Ndiye chinafika chaka china. A Khombe anali atakalamba, nthenga zitayamba kuthothoka pakhosi. Analuka chisa, akazi anakoka, phu! Analuka chachiwiri, phu! Achinyamata a chaka chimenecho anayambitsa:

"Chagwa, chagwa, chagwanso!
Nyerere zapeza nyumba,
mwini wake alibe!"

Nyimboyo inali yokoma kuvina. Kalikokha, ali pansonga pake, anangopezeka akugwedeza mutu. Nachisale, amene tsopano anali mkazi wake wa zaka zambiri, anamuyang'ana.

"Abambo, mukuvina? Nyimbo imeneyi mwaiwala kuti inayambira pa yani?"

Mutu unaima. Kalikokha anayang'ana kum'mawa, mitambo itayamba kuunjikana, achule akulira kudambo. Mvumbi unali utatsala masiku ochepa. Anayang'ananso a Khombe, n'kuwaona m'maganizo ali okha kubango, mapiko ofooka aja, kabawi akuzungulira pamwamba. Manyazi anamugwira.

"Ndiwalukira ine," anatero. "Chisa choti mtengo uno sunachionepo!"

M'mawa mwake a Khombe atapita kumunda kukatola mapira, Kalikokha anatera panthambi yawo n'kuyamba ntchito. Atchete onse anasonkhana kudzaonerera. Analuka, analuka, analuka, chisa chachikulu, khomo lake lalitali ngati khosi la chipanda. Dzuwa likupendeka chinali chitatha.

"Kalikokha ndi wachifundo! Kalikokha ndi katswiri!" Mtengo wonse unafuula, ndipo iye chifuwa chinatukumuka.

A Khombe anafika. Anayang'ana chisa, anayang'ana khamu, anayang'ana Kalikokha.

"Wamwalira ndani pano?"

"Palibe, madala. Ndakulukirani."

"Wandilukira."

"Eya, kuti mupume."

"Wandilukira, mtengo wonse ukuona kuti Khombe watha." Mawu awo anali otsika. "Mphwanga, kupuma ndidzapuma tsiku lodzandinyamula nyerere. Chibadwire sindinagonepo m'chisa cha mlomo wa wina."

Anayamba kumasula mfundo. Zinawatengera nthawi, pakuti mfundo za Kalikokha zinali zolimba, ndipo palibe anaimba. Potsiriza chisa chokongola chija, phu! pansi.

Kalikokha anabwerera kwake atafufuma ndi mkwiyo.

"Waona? Osayamika! Tsiku lonse ndatha mlomo wanga. Apite kubangoko, akaone!"

"Abambo," anatero Nachisale mofatsa, "chisacho munalukira a Khombe, kapena munalukira oonerera?"

Kalikokha anayang'ana kumbali, Nachisale n'kupitiriza.

"Inu muja zisa zanu zinkagwa, iwo anakulukirani?"

Kenaka anawonjezera kuti:

"Tapitani mawa mukawaone. Osalankhula, osathandiza. Kungowaona basi."

Kutacha, Kalikokha anabisala m'masamba n'kumayang'ana. A Khombe anaulukira ku nsenjere. Paja tchete amaboola tsamba la nsenjere ndi nsonga ya mlomo, n'kuuluka nalo kuti ling'ambike kaluzi kakatali. A Khombe anajompha, tsamba osabooka. Anajomphanso, osabooka. Mlomo unali utabuntha. Atalimbana nalo, kanatuluka kaluzi kakafupi, kokhuthala, koduka pakati. Anakanyamula, kupuma kuli wefuwefu, n'kukafika nako panthambi. Koma pomanga mfundo! Phazi kugwira, mlomo kupisa, kukoka, kutembenuza, ngati madzi akuyenda. Kalikokha, katswiri wa mtengo wonse, anaona mfundo imene iye sanaidziwe.

"Kani," anadziuza yekha. "Kuluka sanaiwale. Chawakanika n'kung'amba kokha. Ine ndinawalanda zonse."

Anaulukira ku nsenjere. Anang'amba kaluzi kakatali, kosalala, kabwino kuposa tonse timene analukirapo. Pobwerera anadzera panthambi ya a Khombe, akung'ung'udza mokweza.

"Aaa, nsenjere za chaka chino! Kaluzi kanji aka? Kopyapyala! Ine sindingalukire zimenezi."

Anakasiya kakulendewera paminga, n'kuuluka osacheuka. Anabweranso ndi kena. "Akanso kopyapyala!" Paminga. Anabweranso. "Zachabechabe!" Paminga.

A Khombe anayang'ana tiluzito nthawi yaitali. Kenaka anapukusa mutu.

"Ana a masiku ano, kuwononga udzu."

Anatola kamodzi, n'kuyamba kuluka.

Tsiku loyamba, Kalikokha kutaya, a Khombe kutola. Tsiku lachiwiri, Kalikokha kutaya, a Khombe kutola. Achinyamata ankanong'onezana kuti, "A Kalikokha ayamba misala, angotaya udzu wabwinobwino. Chaka chino aluka chisa chimodzi chokha, atha amenewa!" Mawuwo anamulasa, ndipo kangapo anatsala pang'ono kuwayankha. Koma akacheuka n'kuona chisa chikukula pansi pa mlomo wobuntha uja, ankameza mawu n'kubwerera ku nsenjere. Chodabwitsa, madzulo chakudya chinkatsika bwinobwino, ngakhale dzina lake silinatchulidwe mokoma tsiku lonse.

Tsiku lachitatu kunacha kopanda dzuwa. Kamvula kanayamba kuwaza. A Khombe anamanga mfundo yomaliza, n'kukhala pambali. Akazi anafika, patsogolo pali Nachisale.

Kalikokha anamunong'oneza, "Ukoke pang'onopang'ono."

"Kuti tiwanyoze kachiwiri?" anayankha Nachisale. "Ayi, abambo."

Anakoka ndi mphamvu zake zonse. Anakoka apa, anakoka apo, analendewera nacho, anaitana mnzake kuti alendewere awiri. Chisa chinagwedezeka, chinazungulira, chinabwerera pamalo pake. Osagwa.

"Chalimba," anatero Nachisale, n'kuuluka.

Mvula inayamba kukula, aliyense anathamangira m'chisa chake. A Khombe analowa m'chawo, anadzigwedeza, n'kutulutsa mutu pakhomo. Kalikokha anali akadali panthambi, akunyowa.

"Mphwanga."

"Wawa, madala."

"Udzu uja sunali wopyapyala kwenikweni."

"Unali wopyapyala, madala."

A Khombe anamuyang'ana, madzi akutsika pamlomo pawo.

"Chabwino. Unali wopyapyala. Pita kwanu, ungadwale."

Kalikokha anauluka, mvumbi n'kuyamba.

Nthano yanga yaduka pamenepo. Ana inu, wamng'ono muonetseni pamene wakhoza, wamkulu mugwirizeni pamene wafooka pokha, koma onse awiri musawalande ntchito yawo.