A Makiyi ndi Matumba a Chuku

Pakampani ina yogaya chakudya cha nkhuku panali mkulu woyang'anira nkhokwe amene anzake ankangomutcha a Makiyi, chifukwa mpukutu wa makiyi m'chiuno mwawo unkamveka eni ake asanatulukire. Thumba lililonse lotuluka pageti ankalilemba: tsiku, dzina la wogula, foni yake ndi nambala ya mgayo yodindidwa pathumbapo. Kale zinkalembedwa m'mabuku, koma tsopano zinali m'kompyuta, tsiku lililonse ndi fayilo yake.

Lachiwiri lina m'mawa, woyeza chakudya anabwera ndi uthenga woipa. Mgayo wa M417 unali ndi chuku, ndipo nkhuku yodya chakudyacho masiku anayi sikanaona tsiku lachisanu. Bwana analamula kuti aliyense amene anagula mgayowo aimbiridwe foni dzuwa lisanalowe.

Mafayilo anali mazanamazana. A Makiyi anayamba kutsegula imodziimodzi, magalasi ali pamphuno, mpaka mayi wa makompyuta anawamvera chisoni nʼkukoka mpando. Mayiyo anatsegula pakompyutapo zenera lakuda lolembamo malamulo.

"Apa musavutike ndi mausi, bambo. Lembani grep, kenako nambala mukufunayo, kenako kanyenyezi. Kanyenyeziko ndiye kuti mafayilo onse ali pano."

A Makiyi analemba ndi chala chimodzi. Kuphethira kumodzi, mizere makumi awiri ndi itatu inali mbwee pagalasi, uliwonse ndi dzina ndi foni yake. Anaseka mpaka makiyi analira.

"Kodi ndi zomwezi? Ine ndimayesa mumachita kukhwimira!"

"Dikirani kaye, pali china. Ikakumana ndi foda m'kati mwa foda..."

"Mayi, matumba awa ndinayamba kuwalondola inu mukadali kupulayimale. Basi, ndadziwa kale. Pitani, bwana akukuitanani."

Zoonadi pulinta ya bwana inali itatafuna pepala, ndipo mayiyo ananyamuka. Pansi pa mayina aja panali kamzere kena kachingerezi kotchula foda ya kumsika. A Makiyi anakaona, koma anati kompyuta ndi yolongolola ngati wailesi, sungayankhe zonse.

Kampaniyo inali ndi kasitolo pafupi ndi msika, ndipo zolemba za kumeneko zinkasungidwa m'foda yakeyake m'kati mwa zinazo. Lamulo lija lili ngati mtumiki waulemu: limaona zili patebulo, koma kabati yotseka silitsegula pokhapokha utaliuza. Kamzere kaja kankanena zomwezo, kuti apa pali chitseko ndipo sindinalowe.

Masana onse a Makiyi anali pafoni. Anthu makumi awiri ndi atatu anauzidwa kuti abweze matumba. Pamene ankatseka nkhokwe, foni yawo inalira. Anali mlongo wawo, mayi wamasiye amene ankaweta nkhuku zanyama mazana anayi kuseri kwa nyumba. Nkhukuzo ndizo zinali khasu lake, ndipo chakudya ankagula kukasitolo ka kumsika kaja chifukwa kanali pafupi.

"Achimwene, ndamva kuti kuli chakudya choipa. Ndisiye kudyetsa?"

"Nambala ya pathumba ikuti chani?"

"Ndinakhuthulira m'mgolo, matumbawo ali penapake m'khola. Ndikafune?"

"Musadzivutitse, achemwali. Ndafufuza ndekha pakompyuta, dzina lanu mulibe. Dyetsani."

Loweruka m'mawa foni inaliranso. Mlongoyo sanalonjere nʼkomwe, anangoti bwerani. A Makiyi atafika anapeza wilibala pakhomo la khola, itadzaza nkhuku zoyera, miyendo ili m'mwamba. Unali ulendo wachitatu wopita kudzenje. Zotsala zinali zitaunjikana pakona, mapiko ali gwede, maso otsinzina. Mlongo wawo sanalire kapena kukalipa. Anangowapatsa thumba lopanda kanthu atalipinda bwinobwino, nambala ya M417 ili pamwamba.

Lolemba a Makiyi analowa mu ofesi atagwira makiyi ndi dzanja kuti asalire. Anaima pafupi ndi mayi wa makompyuta.

"Mayi, tsiku lija munati pali china."

Mayiyo sanafunse zambiri. Analemba lamulo lomwe lija, nʼkuwonjezera kamzere kakang'ono ndi chilembo chimodzi pambuyo pa grep.

"Ndi -r basi. Kakuiuza kuti ilowe m'foda iliyonse, mpaka yomaliza."

Mizere makumi awiri ndi itatu ija inabwera, ndipo pansi pake panatsatira ina isanu ndi inayi. Dzina lachitatu linali la mlongo wawo, ndi foni imene a Makiyi ankaidziwa pamtima. Anakoka mpando, anakhala, nʼkuyamba kuimbira anthu asanu ndi atatu otsalawo. Awiri okha ndi amene anali asanatsegule matumba awo.

Ntchito sanawachotse, bwana anangowalembera kalata yowachenjeza. Masiku ano a Makiyi amafufuza bwino kuposa aliyense pakampanipo, ndipo kamzere kalikonse ka pagalasi amakawerenga mpaka kumapeto. Koma m'khola la kwa mlongo wawo muli njinga yothyoka ndi mgolo wopanda kanthu, ndipo akapitako amalandiridwa ndi mpando ndi ulemu wonse, ngati mlendo. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.